Mphini pa Phewa la Amayi

Kapu inawapulumuka amayi m'manja n'kugwera pakhonde, tiyi wotentha n'kumwazikira pamapazi awo, koma mapaziwo sanasunthe. Ndinathamanga ndi chinsalu poganiza kuti apsa. Iwo ankangondiyang'ana ndikupukuta, kenaka anati ndisadzivute, sakumva kanthu. Mapaziwo, anatero, akukhala ngati ndi a munthu wina amene anangowasungitsa kwa iwo n'kupita ku ulendo.

"Lero pakuwawa pati?" ndinafunsa, monga ndinkachitira m'mawa uliwonse.

"Aprofesolo ayamba kuitana mayina," anayankha. "Bondo, prezente. Chiuno, prezente. Msana, prezente. Zala zokha ndi zimene zajomba, zatengera mwana wanga."

Anaseka pang'ono. Ine sindinaseke. Unali mwezi wa Febuluwale, anzanga a kusukulu ya uphunzitsi ku Cuamba anali atayamba chaka chomaliza, ine ndili pakhonde la nyumba yathu ku Insaca ndi chinsalu chonyowa m'manja. Palibe amene anandiuza kuti ndisiye sukulu. Amayi ankangofunika munthu wodziwa Chipwitikizi. Iwo anakulira ku Malawi nthawi ya nkhondo, kumsasa wa othawa kwawo, ndipo anabwerako ndi Chichewa ndi luso losoka. Chipwitikizi chawo chinali cha kumsika, chopereka moni ndi kukalipira dalaivala wa chapa, minibasi ya kwathu kuno, akayendetsa galimoto mwaliwiro. Madokotala a ku Nampula sakanamvana nawo. Ndinapempha sabata imodzi kusukulu. Sabatayo inasanduka mwezi, mwezi unabala miyezi inzake, mpaka dzina langa analichotsa m'kaundula.

Inali khansa ya m'mawere. Anawachotsa bere lakumanzere pamodzi ndi timibulu ta m'khwapa, kenaka anatilembera pakhadi maulendo asanu ndi umodzi a kimiyo, mankhwala a m'botolo olowera mumtsempha wodwala atakhala pampando, ulendo umodzi pakatha masabata atatu alionse. Maulendo atatu oyamba mankhwala ake anali ofiira. Anawathothola tsitsi, anawasanzitsa mpaka ndulu, koma amayi anapirira, n'kumauza anzawo kuti boma lawameta kwaulere. Ulendo wachinayi anabweretsa mankhwala ena, oyera ngati madzi a pamjigo. Amayi anati awa ndiye akuoneka aulemu. Patatha masiku atatu titafika kunyumba, anakanika kudzuka pamphasa.

Namwino amene ankatisamalira ku Nampula, a Cláudia, mayi wamfupi wolankhula mofulumira, anali atandichenjeza. Anati mankhwala oyerawa amaphwanya mafupa, amachititsa dzanzi zala za kumanja ndi za kumiyendo, ndipo kawirikawiri zimachepa zokha pakapita masiku. Ndiziwafunsa tsiku lililonse pamene pakuwawa. Ululu woyendayenda usatiopse, koma ukakhazikika pamalo amodzi, kapena thupi likatentha, ndiimbe foni pomwepo. Kenaka anagwira mkono wakumanzere wa amayi n'kundiyang'ana m'maso. Mbali iyi, anatero, isabayidwe jakisoni, isatemedwe, isapse, isanyamule ndowa. Magazi afooka, kachilonda kakang'ono kakhoza kusanduka nkhani yaikulu. Anandiuza kuti ndibwereze zimene ananenazo. Ndinabwereza m'Chipwitikizi chosalala, cha munthu amene anatsala pang'ono kukhala mphunzitsi, ndipo amayi ndinawamasulira mawu onse osasiyako ngakhale limodzi. Ndikunena izi kuti pasapezeke wina woganiza kuti sindinkadziwa.

Tinayesa zonse zimene tinauzidwa. Ndinkatenthetsa madzi n'kuwayesa kaye ndi chigongono changa, popeza iwo akanatha kupsa osazindikira, kenaka n'kuwathowa mawondo ndi akakolo. Kupitirira mawondo sindinkafika. Kwathu mwana wamwamuna sagwira chiuno cha mayi ake ngakhale atadwala chotani, ndipo mwana wamkazi amayi analibe. Anabereka ine ndekha, bambo n'kumwalira ndili m'kalasi yachitatu. Choncho msana ndi chiuno ankazithowa okha potsamira khoma lakuseri kwa nyumba, mvula ikapereka mpata dzuwa n'kulitenthetsa. Ndinawasokera kamtsamiro ka zidutswa za kapulana, chitenje cha kwathu kuno, kuti azitsamiritsapo mkono. Anakatembenuza uku ndi uku n'kunena kuti kusoka kotereku mbuzi ikhoza kutulukira pamsoko. Mapiritsi ankamwa pa nthawi yake. Dzuwa likapendeka tinkayenda kuchoka pakhonde kukafika pamtengo wa mpoza wa kumpanda n'kubwerera, iwo atandikoloweka dzanja paphewa, kuponda pansi mosamala ngati akuwoloka mtsinje wamiyala yoterera.

Mwezi umenewo ndi umene makina awo osokera sankapuma zaka zonse, ana akamatsegulira sukulu. Chaka chimenecho amayi a ana ankafika ndi nsalu za yunifolomu, kukhala pang'ono, kupepesa, n'kubwerera nazo. Amayi anayesa kamodzi kulowetsa ulusi pasingano. Anakhala nthawi yaitali ulusi ukuphonya, zala zosamva kuti zagwira kanthu. Atatopa anandiuza kuti ndifunditse makinawo, akuwayang'ana kwambiri.

Obwera kudzazonda sankabwera chimanjamanja. Wina masamba a nimu, wina madzi opemphereredwa m'botolo, wina muzu umene unachiritsa mlamu wa msuweni wake ku Nayuchi. Zonse ndinkazilandira ndi manja awiri n'kukazitaya kuseri kwa chimbudzi. Ndinkadziona ngati mlonda wa pachipata. Sukulu inali itandikanika, koma apa pokha ndinkati ndine wophunzira.

Sabata yachiwiri ululu wa m'mawondo unayamba kuchepa monga anatiuzira. M'malo mwake munabwera wina, wachilendo. Unakhala kuseri kwa phewa lakumanzere n'kumatsetserekera mumkono, ndipo uwu sunkayendayenda. Amayi anasiya nthabwala ya kuitana mayina. Ndikafunsa ankangoloza ndi chibwano. Chagada sankagona, chammbali sankagona, ankangokhala tsonga, akugwedeza thupi kutsogolo ndi kumbuyo ngati akutonthoza khanda losaoneka. Ndinawaimbira a Cláudia. Anati ndipitirize mapiritsi, ndipo ngati n'kotheka tisadikire tsiku la pakhadi, tibwere msanga adokotala akajambule phewalo. Koma mvula inali itadula msewu wa ku Cuamba, machapa akubwerera panjira. Kunali kutatsala masiku khumi ndi limodzi kuti tsiku la ulendo wachisanu likwane.

Linali Lachisanu masana, ndikuwapatsa phala, pamene anakankha mbale n'kundiuza.

"Ku Nampula sindipitanso."

Ndinayesa kuseka. Ndinati kwangotsala maulendo awiri okha, anayi onse tadutsa, tikasiyira pano ndiye kuti zonse zija tavutikira pachabe.

"Awiri okha, poti si iwe amene umakhala pampando uja," anatero. "Bere ndinawapatsa. Tsitsi ndinawapatsa. Zala andilanda osandipempha n'komwe. Tsopano akufuna phewa. Efraimu, munthu amatsala ndi chiyani?"

Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo. Ndinalankhula za zimene adokotala ananena, kuti kimiyo akasiyidwa pakati matenda amadzuka ndi mphamvu. Ndinalankhulanso chinthu chimene ndimachita nacho manyazi mpaka lero, chakuti ine ndinataya sukulu chifukwa cha maulendo amenewa. Anandiyang'ana kwa kanthawi, n'kutembenukira kukhoma. 

Loweruka kunabwera a Mastura. Anali mnzawo wa amayi wa zaka zambiri, mayi wachisilamu wa ku Chiuta amene ankabweretsa milamba yowamba kumsika wa ku Insaca. Amayi ndi amene ankawasokera zovala za Idi, iwo ankatisiyira nsomba zonona kwambiri za pansi pa dengu. Ndili mwana ndinkawatchula kuti titiya, ngati azakhali anga enieni, ndipo sindinasiye. Chifukwa cha mvula anali asanafike kwathu mwezi wathunthu. Atalowa n'kuwaona amayi, anatula dengu pansi pang'onopang'ono n'kukhala pamphasa osapereka moni.

"Achemwali, mwatha chonchi?"

"Ndatha, koma pakamwa pokha patsala. Mwabweretsa milamba kapena minga zokhazokha ngati ulendo watha?"

Anaseka onse awiri, kenaka a Mastura anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango wawo. Anawavula amayi kapulana paphewa, n'kuyamba kusisita ndi chala chachikulu, kufunafuna, mpaka amayi anakuwa. Ine ndinali pakhomo, nditayang'ana kumbali. A Mastura anati ululu wotere amaudziwa. Asodzi a ku Chiuta umawagwira pamalo omwewo akapalasa bwato zaka zambiri. Ndi ululu umene unalowa m'thupi n'kusowa potulukira, ndipo mankhwala ake ndi kuutsegulira khomo. Mphini. Luso limeneli anawasiyira azakhali awo, ndipo m'chikwama chawo simunkasowa lezala latsopano ndi kabotolo ka ufa wakuda wa mizu yootcha.

Kwathu mphini si chinthu chodabwitsa. Ine ndemwe ndili nazo zitatu pachifuwa, za chifuwa chimene chinandivuta ndili wakhanda. Akatekisiti a kutchalitchi kwathu ali nazo m'mbali mwa maso. Koma ndinalowa m'nyumba n'kukana. Ndinafotokoza za timibulu ta m'khwapa, za magazi ofooka, za zimene a Cláudia anandibwerezetsa. A Mastura anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anafunsa ngati anamwinowo anatchuladi mbali yakumanzere, ndinati inde. Ndinawafunsa ngati sangateme kumanja. Anapukusa mutu, anati mphini satema pamene palibe ululu, kumeneko n'kungomuvulaza munthu. Kenaka anabweza lezala m'chikwama.

"Mwanangu, ngati madokotala anakana, ine ndasiya. Sindinabwere kudzalimbana ndi chipatala."

Nkhani ikanathera pomwepo. A Mastura anali atayamba kale kumasula nsomba. Ndi amayi amene analankhula, osakweza mawu, maso ali padenga.

"Iwe ululu wanga umaumva m'Chipwitikizi. Ine ndimaumva m'thupi." Anatembenuzira maso kwa ine. "Ululu uwu ukachepa, ndikwera chapa, ndikakhala pampando wako uja. Ukapanda kuchepa, undisiye pano. Sankha, aprofesolo."

Ndinatuluka panja. Ndinayenda kukafika pampoza, kubwerera, kupitanso. Ndinawerenga masiku amene anatsala. Ndinaganiza za maulendo awiri aja, za khadi limene ndinkalisunga m'pepala lapulasitiki kuti lisanyowe. Kuwanyamula mokakamiza sindikanatha, munthu wamkulu sumuika m'chapa ngati thumba la mpunga. Ndipo m'mutu mwanga munayamba kubwera nzeru za munthu wophunzira theka. Ndinati vuto si kutema, vuto ndi tizilombo. Lezala likawiritsidwa, khungu likatsukidwa ndi sopo, timabala tikakhala tating'ono, chingalowe n'chiyani? Ufa wakudawo ndi wootcha kale pamoto. Ndinaima pampanda mpaka nzeru zimenezi zinandikwanira.

Madzi ndinawiritsa ndine. Lezala ndinaliponyamo ndine, n'kulivuula ndi supuni. A Mastura anandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Anasamba m'manja mpaka m'zigongono ngati akupita kukaswali, n'kundiuza kuti ndigwire mkono kuti usagwedezeke.

Aka kanali koyamba kuwagwira amayi pamwamba pa chigongono chichitireni opaleshoni. Mkonowo unali wopepuka, khungu lofewa ngati la nthochi yakupsa kwambiri. Ndinayang'ana kukhoma kumene kunali kalendala ya chaka chatha, koma khutu linkamva. A Mastura ankanong'ona mawu a Chiyao, kutsina khungu ndi zala ziwiri, n'kudula msanga. Zitatu kuseri kwa phewa, zitatu pamwamba pake, zitatu potsikira kumkono. Magazi anali ochepa, timadontho chabe. Atapaka ufa wakuda uja, amayi anakoka mpweya m'mano.

"Apa ndiye ndamva," anatero. "Kalekale ndisanamve chinthu chowawa chimene ndikuchidziwa dzina."

Masana amenewo anagona. Anagona chammbali, pakamwa pali pululu, kuchita mkonono. Ine ndi a Mastura tinakhala pakhonde tikusankha mpunga m'lichero, kulankhula monong'ona ngati m'nyumba muli khanda. Anandiuza za madzi a ku Chiuta amene anasefukira m'minda, za mwamuna wawo amene anagula foni koma amaopa kuiyankha. Ndinaseka mpaka misozi. Chaka chonsecho sindinasangalalepo ngati masana amenewo, ndipo ichi ndi chimene chimandipweteka kuposa zonse.

Kaya unali ufa uja, kaya kunali kugwiridwa ndi manja a mnzawo, kaya tulo tokha, sindidziwa. Lamulungu anadzuka n'kupempha tiyi. Lolemba anandiuza kuti ndivundukule makina. Ndinawalowetsera ulusi, iwo n'kupinda m'munsi mwa siketi ya mwana wa oyandikana nawo, mzere wokhotakhota koma anaumaliza. Anati ululu ulipo koma wakhala pansi, wasiya kuvina. Kenaka anandiuza kuti ndichape kapulana wawo wa maluwa achikasu, ku Nampula sangapite ngati wamisala.

Lachitatu m'mawa ndinaona kuti akuvutika kulowetsa dzanja m'bulauzi. Khungu lozungulira mphini linali litafiira, likunyezimira, lotentha ngati chiwaya. Pofika masana kutupa kunali kutatsika mpaka pachigongono, ndipo amayi ankanjenjemera dzuwa likuswa mtengo, mano akugundana. Ndinawafunditsa mabulangete onse a m'nyumba. Foni ndinaigwira nthawi yaitali ndisanaimbe, ndipo a Cláudia atayankha ndinangonena za kutentha thupi ndi kutupa. Za mphini sindinatchule. Anati tinyamuke lero lomwe, tiyambire chipatala chilichonse chimene tingachipeze panjira.

Msewu unali utatseguka dzulo lake. M'chapa ndinakhala kumanzere kwawo, nditapinda msana kuti matumba ndi zigongono za anthu zizigunda ine. Galimoto ikalowa m'dzenje ankaluma nsonga ya mpango. Polowa m'tauni ya Cuamba tinadutsa anyamata ndi atsikana ovala makhoti oyera, akuchokera kophunzitsa moyeserera, mabuku ali m'khwapa. Awiri ndinawazindikira. Ndinaweramitsa mutu ngati ndikukonza bulangete. Kuchipatala cha kumeneko anawagoneka masiku awiri, kuwabaya kumanja, thupi n'kuzizirako pang'ono, kenaka anatipatsa kalata yopita nayo ku Nampula. Tinakwera sitima. Tinagona kwa wachibale wa bambo, ndipo Lolemba m'mawa, tsiku lenileni lolembedwa pakhadi, tinali pakhomo la chipinda cha kimiyo. Amayi anasunga lonjezo lawo. Anavala kapulana wa maluwa achikasu uja.

Chipindacho chinali ndi mipando yaikulu yokutidwa ndi pulasitiki, itandandalikidwa m'mbali mwa khoma, pampando uliwonse pali mayi ndi botolo lake lolendewera pachitsulo. Ena tinkadziwana nawo nkhope. A Cláudia anatilandira ndi "Mamã Filomena" wawo wa nthawi zonse, anawerenga kalata ya ku Cuamba, n'kutilowetsa kuseri kwa nsalu yotchinga. Anawakhazika amayi pabenchi n'kumasula bandeji.

Mkono unali ngati thunthu la nthochi. Mphini zitatu za m'munsi zinali zitatseguka, zikutuluka mafinya. Zinazo zinkaoneka bwinobwino, timizere takuda tondondozana mwaluso. A Cláudia anaziyang'anitsitsa zonse. Kenaka anafunsa kuti anachita zimenezi ndani.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndimasulire funsolo, monga mwa ntchito yanga, ngakhale yankho lake linali ine. Amayi sanadikire. Anayankha okha, m'Chipwitikizi chawo cha kumsika, chothyokathyoka. Anati ndi iwo. Anadzitema okha, mwana atapita kumsika, mwanayu sankadziwa kanthu.

A Cláudia anayang'ana mphini za kuseri kwa phewa, kumene dzanja la munthu silifika pathupi lake lomwe. Anayang'ana zala za amayi, zimene zinali zitalephera kutulutsa khadi m'pulasitiki pakhomo paja. Kenaka anayang'ana ine. Ndinkayembekezera kuti akalipa, ndipo ndinkafuna kuti akalipe.

"Efraimu," anatero motsitsa mawu, "kodi tsiku lija sindinafotokoze bwino?"

"Munafotokoza bwino."

"Unamva?"

"Ndinamva zonse."

Anagwedeza mutu n'kupita kukaitana adokotala. Anawatenga magazi, tinadikira, zotsatira zinabwera dzuwa lili pamutu. Adokotala anali bambo wachinyamata wa maso otopa. Analankhula ndi ine ataimirira pafupi ndi zenera. Anati tizilombo talowa mumkono, magazi ndi ofooka kwambiri, ndipo kupereka kimiyo lero kungakhale kuwapha. Awagoneka m'wodi kuti alimbane ndi chilondacho kaye, masabata awiri kapena atatu, kenaka aona. Phewalo alijambula mawa. Ndinafunsa ngati kuchedwaku kupatse mpata matenda. Anati sangandinamize, sakudziwa.

Ulendo wachisanu sunachitike, ngakhale patapita masabata atatuwo. Chithunzi chinaonetsa kuti ululu wa paphewa sunali wa mankhwala oyera aja, anali matenda enieniwo atalowa m'fupa. A Cláudia anandiuza pambuyo pake, tili pakhonde la wodi, kuti matendawo anali atafika pamenepo lezala lisanafike, ndisasenze katundu amene si wanga. Mwina ananena zoona. Mwina ananena zimene amauza ana onse a odwala. Chimene ndikudziwa n'chakuti mwezi wathunthu umene akanalimbana ndi fupa analimbana ndi mabala asanu ndi anayi, ndipo mkono umene unatemedwawo ndinaugwira ndine kuti usagwedezeke. Amayi anamwalira mu Julayi, kunyumba ku Insaca, kukuzizira. A Mastura anabwera pamaliro, anakhala kumapeto kwenikweni kwa amayi olira, ndipo mpaka lero tikakumana pamsika timapatsana moni wautali, kufunsana za mvula ndi za nsomba, osayang'anana m'maso.

Koma zonsezo zinabwera pambuyo. Masana aja, adokotala atachoka, inatsala ntchito yanga yomasulira. Amayi anali akadali pabenchi, nsalu yotchinga itakankhidwira kumbali, mkono utamangidwa bandeji yatsopano. Ndinagwada patsogolo pawo. Mawu ndinali nditawakonza, opepesa, ofotokoza kuti ndalakwitsa ndine, kuti ulendo wonsewu tayenda pachabe. Koma ndinayamba ndi mawu a adokotala.

"Amayi, akuti lero sakupatsani mankhwala."

"Lero lokha?"

"Mwina masabata atatu. Akuti mugone kuno kaye, mkono upole."

"Masabata atatu," anabwereza. "Osakhala pampando?"

"Osakhala pampando."

Ndinadikira kuti alire, kapena andikumbutse kuti wosankha ndinali ine. Anayang'ana kumpando wa pakona umene ankakonda kukhalapo. Namwino wina anali akukhazikapo mayi wina wamtali, akumufunafuna mtsempha padzanja. Ndinaona mapewa a amayi akutsika, onse awiri, ngakhale lotupa lija. Makwinya amene anakhala pakati pa nsidze zawo chiyambire mankhwala oyera anafafanizika. Anatulutsa mpweya wautali ngati munthu amene watula mtolo wa nkhuni pakhomo.

"Pageti paja pali mtsikana amaotcha chimanga," anatero. "Maulendo onsewa ndimangomva fungo, mseru osandilola. Kandigulire chimodzi. Usankhe chanthete, aprofesolo, osati chokhwima ngati mutu wako."

Ndinapita. Ndinalira njira yonse yopita kugeti, ndinalira mtsikanayo akutembenuza chimanga pamakala, mpaka anandifunsa ngati ndaferedwa. Ndinapukuta nkhope ndisanalowenso.

Bedi la kuwodi linali lisanapezeke. Amayi anandilandira chimangacho ndi dzanja lamanja, anachipanira pakati pa mawondo chifukwa zala sizinkagwira, n'kuyamba kukonola ndi chikhatho, njere imodzi, ziwiri, kuponya m'kamwa. Zina zinkagwera pakapulana, zina pansi. Ankatafuna pang'onopang'ono, mutu atatsamiritsa kukhoma, akuyang'ana madontho akugwa m'mabotolo a amayi anzawo, limodzi, limodzi, ngati munthu woonerera mvula ali pansi pa denga losadontha.